Hybrid mu winta ya ku Canada, chovuta chenicheni si batire lalikulu lija

Anthu akwathu amene angofika kumene kuno ku Canada akayamba kuganiza zogula galimoto funso limakhala lomwelomwelo, kodi hybrid, galimoto yoyendera petulo ndi magetsi pamodzi, imapirira kuzizira kwa kunoku? Ndipo funsoli si lachabe ayi. Hybrid kumudzi tikuidziwa, ma Aqua ndi ma Prius ochokera ku Japan ali mbwee mu Lilongwe ndi mu Blantyre, ena akupangira taxi, ndipo nkhani imene imamveka kwa amakaniko ndi ya batire basi, eti batire likafa galimotonso yathera pompo. Ndiye munthu woti wakhala akumva zimenezo afike ku Winnipeg kapena ku Edmonton mu January, aone foni yake ikuzima yokha ali pa siteji ya basi chifukwa kunja kuli -30, akuyenera kudzifunsa kuti nanga batire la galimoto yogona panja litani. Ine ndimayendetsa hybrid kuno ndipo yankho langa ndi loti gulani, koma mudziwiretu kuti mu winta galimoto imeneyi imasintha khalidwe, ndipo zimene zimagwetsa anthu m'mavuto si zimene amaziopa zija.

Ndikamba kwambiri za Toyota chifukwa ndi imene yachuluka, kuyambira Prius yoyamba imene inatuluka ku Japan mu December 1997 mpaka Aqua ya 2011 ija, yomwe kuno inkagulitsidwa ndi dzina loti Prius c. Mu magalimoto amenewa muli mabatire awiri. Lalikulu limakhala kunsi kwa mpando wakumbuyo kapena kuseli kwake, la ma volt 144 mu Aqua yakale, pafupifupi 200 mu ma Prius a 2004 mpaka 2015, ndipo ndi limene limapereka moto ku mota zamagetsi. Linalo ndi laling'ono la 12 volt ngati la galimoto ina iliyonse. Tsono apa ndi pamene ambiri sadziwa, hybrid ya Toyota ilibe sitata. Batire laling'onolo sililiza injini, ntchito yake ndi kudzutsa makompyuta ndi kulumikiza batire lalikulu, kenako pa dashibodi pamalemba READY, ndipo injini imazunguzidwa ndi mota yamagetsi yomwe mphamvu zake ndi zoposa sitata kutalitali. Ndiye m'mawa kukazizira koopsa, pamene galimoto ya aneba ikukoka movutikira ngati ilira kapena ayi, hybrid imangodzuka. Pa nkhani yolira m'mawa yokhayi hybrid ili patsogolo, osati pambuyo.

Koma kabatire kakang'onoko ndi kamene kamasiya anthu pa msewu. Ndi ka lead acid, ndipo mtundu umenewu ukazizidwa mphamvu zimatsika, komanso ukakhala wopanda moto madzi ake amatha kuundana mkati n'kuwonongekeratu. Mu hybrid kamakhala kocheperako kusiyana ndi ka magalimoto ena poti sikanyamula ntchito yolemera, nde kakatha galimoto yonse imangoti zii, olo batire lalikulu likhale lodzadza, simuona READY. Anthu akwathu zimawachitikira kwambiri mu January, munthu wapita kumudzi kukadya Khirisimasi mwezi wathunthu, galimoto waisiya panja pa apatimenti, alamu ndi kompyuta ya makiyi zikudya moto pang'onopang'ono usiku ndi usana, pobwera akupeza yafa ndipo akuyamba kulira kuti hybrid yandipweteka, chonsecho ndi batire wamba. Mu 2020 nthawi ya Covid magalimoto atangoima, Toyota ya ku Britain inalangiza eni ma hybrid kuti aziyiika pa READY kwa mphindi 60 kamodzi pa sabata, chifukwa ikakhala pa READY batire lalikulu limatchaja laling'onolo. Ndiye ngati mukuchoka musiyireni munthu makiyi azichita zimenezo, panja osati mu galaja yotseka, kapena ngati muli ndi soketi gulani kachaja kosiya kali kolumikiza kaja. Batire likadutsa zaka zinayi kapena zisanu kaliyezetseni mu October kusanazizire, musadikire kuti likuuzeni lokha. Ndipo mudziwiretu pojampira, mu ma Prius ambiri akale batire limakhala ku buti, buti yake yotsegula ndi magetsi yomwe siitseguka moto ukatha, koma mu bokosi la mafyuzi ku boneti muli kachitsulo kovindikira ndi pulasitiki yofiira koti mujampirepo. Kujampidwa ndi galimoto ina palibe vuto, koma inuyo kujampa galimoto ya mnzanu ndi hybrid musayerekeze, mukhoza kuotcha zinthu zodula.

Nanga lalikulu lija? Kuzizira sikulipha, kumangolichititsa ulesi. Zochitika za mkati mwa batire zimayenda pang'onopang'ono kukazizira, ndiye kompyuta imachepetsa moto wolowa ndi wotuluka mpaka litafunda. Ma hybrid akale ankagwiritsa ntchito batire la nickel, atsopano ambiri ndi a lithium, ndipo la lithium likamatchajidwa mwamphamvu lili pansi pa 0 limawonongeka, n'chifukwa chake kompyuta imalisamala kwambiri. La nickel limapirirako kuzizira, moti Toyota itatulutsa Prius yokoka matayala onse anayi mu 2019 inaikamo dala la nickel pamene zinzake zinali ndi lithium. M'mabuku a ma hybrid ena a Toyota analembamo kuti batire likazizira kupitirira -30 galimoto ikhoza kukana kudzuka mpaka kutafundako, ndiye wa ku Saskatoon kapena Yellowknife ameneyo aziganizireko zimenezi, wa ku Toronto ndi Vancouver si nkhani yake kwenikweni. Chimene chimakalambitsa batire msanga ndi kutentha, moti Aqua yoyenda ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu October batire lake likuzunzika kuposa la Prius ya ku Manitoba. Kuyambira magalimoto a 2020 Toyota kuno imapereka waranti ya zaka 10 kapena makilomita 240,000 pa batire limeneli. Chomwe mungachite inuyo ndi chaching'ono, pambali kapena kunsi kwa mpando wakumbuyo pali kamalo ka timipata kokokera mpweya wopita ku batire, ndipo mpweyawo ndi wa mkati momwe mwakhala inumo, nde mkati mukafunda batire nalonso limafunda. Mu winta ana amavula majekete ndi masikafu n'kuunjika pamenepo, chotsanipo, ndipo kasefa kake muzikatsuka.

Tsopano nkhani yeniyeni, imene ndikufuna muimvetse bwino, ndi ya kutentha ndi mafuta. Galimoto ya petulo mukayatsa hita, mpweya wofunda uja sumachokera kwina, ndi kutentha kwa injini kumene kumatengedwa ndi madzi a mu injini n'kudutsa pa karadiyeta kakang'ono kuseli kwa dashibodi. Injini wamba imataya mphamvu zambiri za petulo ngati kutentha, ndiye hita imakhala ngati yaulere. Injini ya hybrid anaipanga kuti isamataye zambiri, ya mu Prius ya 2016 imasandutsa pafupifupi 40 pelesenti ya mphamvu za petulo kukhala ntchito, zomwe ndi zapamwamba kwambiri pa injini ya petulo, komanso imazima pafupipafupi. Zili ngati chitetezo mbaula, imapsetsa nsima ndi tinkhuni tochepa koma simungaiothe usiku wa mu June mmene mumaothera moto wa pa mafuwa. Ndiye mu July mukaima pa maloboti injini imazima, mu January imangolirabe, batire lili ndi moto bwinobwino koma inuyo mwapempha madigiri 24 mkati pamene kunja kuli -20, ndipo kulibe kwina kotenga kutenthako. Kuonjezera apo kompyuta imafuna injini ndi catalytic converter, chipangizo cha ku ekizozi choyeretsa utsi, zifike pa kutentha kwake kuti utsi ukhale woyera, nde mphindi zoyambirira injini siizima olo mutani, ndipo batani la EV, loyendera magetsi okha lija, mukalidina imangokukanirani. Ikangozima pang'ono mphepo yozizira imaiziziritsa msanga, iyambirenso.

Boma la America kudzera ku Department of Energy linayeza zimenezi. Poyenda mu tauni kunja kuli madigiri -7 poyerekeza ndi madigiri 25, galimoto ya petulo mtunda umene imayenda pa lita umatsika ndi 15 pelesenti, pa maulendo afupiafupi a makilomita 5 kapena 6 mpaka 24 pelesenti, pamene hybrid imatsika ndi 30 mpaka 34 pelesenti. Anthu akamva manambala amenewa amati basi hybrid ilibe phindu ku malo ozizira, koma tawerengani bwino. Tiyerekeze hybrid yanu imayenda makilomita 20 pa lita nyengo yabwino, kuchotsa 30 pelesenti mutsala ndi 14. Ya petulo ya saizi yomweyo imene imayenda 12 pa lita, kuchotsa 15 pelesenti itsala ndi 10. Mwataya zambiri inde, koma mukadali patsogolo. Chimene chimapweteka mtima ndi choti dashibodi ya hybrid imakuonetsani manambala tsiku lililonse, mumazolowera kuona malita 4.8 pa makilomita 100 mu September kenako mu January mukuona 7, pamene wa galimoto ya petulo sayang'anako n'komwe. Ndipo -7 ija kuno ku Prairies, zigawo za Alberta, Saskatchewan ndi Manitoba, ndi tsiku labwino, kukafika -25 kusiyanako kumakula. Zina zodya mafuta ndi za galimoto iliyonse, oilo amalimba, mpweya wozizira ndi wolemera ndiye galimoto imalimbana nawo kwambiri pa highway, petulo wa winta amamusakaniza mosiyana kuti azigwira moto msanga ndipo amakhala ndi mphamvu zocheperako pang'ono, matayala akupalasa sinowo, magetsi ndi mahita a magalasi ali oyaka nthawi zonse.

Opanga magalimoto akhala akulimbana nalo vutoli kwa nthawi yaitali. Prius ya 2004 mpaka 2009 ya ku North America inali ndi fulasiki yeniyeni kutsogolo, ya malita atatu, yosunga madzi otentha a injini mukazimitsa kuti m'mawa iwapopere mu injini yozizira. Ya 2010 anasintha, madzi a injini anayamba kudutsa pafupi ndi paipi ya ekizozi kuti atenge kutentha kwa utsi, ndipo ya 2016 ili ndi tizitseko kutsogolo kwa radiyeta totseka tokha kuti mphepo isalowe injini isanafunde. Eni ma Prius akale ena amatseka okha kutsogoloko ndi siponji yokutira mapaipi a madzi ija, ine sindikulimbikitsani, chifukwa pamenepo palinso radiyeta ya inverter, chipangizo chosintha moto wa batire kuti uyendetse mota, imene imafuna kuzizira, ndipo tsiku lina kukafunda mwadzidzidzi ngati mmene imachitira mphepo ya chinook ku Calgary mudzaiwala kuchotsa.

Zimene zimathandizadi ndi zosavuta. Hita ya mpando ndi ya chiwongolero zimagwiritsa ntchito magetsi ochepa ndipo zimafunditsa thupi pompopompo, ndiye pogula galimoto kuno musaone ngati ndi zamanyado, funani yokhala nazo. Mukayatsa zimenezo, hita yaikulu n'kuiika pa 19 kapena 20 osati HI, mudzamva injini ikuyamba kuzima pa maloboti ngati kale. Koma pa galasi lakutsogolo pokha musaumire mafuta, likachita nthunzi kapena ayisi yatsani defrost, youzira mpweya wotentha pa galasi ija, mwamphamvu, injini ilire mmene ingalirire, ndipo batani lozunguza mpweya wa mkati lija lizimitseni chifukwa mpweya wopuma anthu ndi sinowo wosungunuka ku nsapato ndi zimene zimaphimba magalasi. Ndimaona anthu akuyenda atangopala kabowo kamodzi pa galasi, zimenezo zimandiopsa kuposa china chilichonse pa msewu. Zoliza galimoto ndi rimoti n'kuisiya mphindi 15 kapena 20 ikulira pakhomo ndi zimene zimamaliza mafuta, ndipo hybrid ikangoima siifunda msanga, imafunda ikamayenda. Ilizeni, palani magalasi onse, chotsani sinowo padenga ndi pa magetsi, nyamukani mofatsa. Ngati muli ndi maulendo angapo aphatikizeni, muyambe ndi wakutali kuti injini ifunde bwino, enawo muziima pobwerera.

Ndipo pali block heater. Mukafika ku Winnipeg, Regina kapena Edmonton mudzaona magalimoto ali ndi kachingwe ka pulagi kakulendewera kutsogolo, ndi mizati ya masoketi m'malo oimika magalimoto, ena amaganiza kuti ndi magalimoto amagetsi koma ayi, ndi kahita kakang'ono koikidwa pa injini kuti isazizire kwambiri usiku. Pa hybrid phindu lake ndi lalikulu, chifukwa injini ikayamba ili yofundako kale nthawi yolira mokakamizidwa ija imafupika ndipo hita imayamba kugwira msanga. Sikafunika usiku wonse, maola awiri mpaka anayi musananyamuke akwana, gulani taima yotchipa ija. Kumbukirani kuti kamafunditsa injini yokha, batire lalikulu ayi. Ndipo muzizula chingwe musanabwerere m'mbuyo, dutsitsani chingwecho pa galasi la m'mbali la dalaivala kuti muchione polowa.

Ya plug-in, yotchaja pa soketi ija, monga Prius Prime kapena RAV4 Prime, nkhani yake ndi ina pang'ono. Batire ndi lalikulu, RAV4 Prime analemba kuti imayenda makilomita 68 pa magetsi okha, ndipo zili ndi heat pump, kutanthauza kuti zimatha kufunditsa mkati injini isanalire. Ya mu Prius Prime ya 2017 imagwira mpaka cha m'ma -10, kukazizira kuposa apo injini imadzuka ndithu kuti ithandize. Mtunda wa pa magetsi umatsika kwambiri mu winta chifukwa moto womwewo ukuyendetsa galimoto ukufunditsanso inu. Ubwino wake ndi woti mukhoza kuifunditsa ili pa chaja, mukulipira magetsi a m'nyumba osati petulo, ndipo ku Quebec ndi Manitoba kumene magetsi ndi a madzi komanso otchipa zimenezi ndi ndalama ndithu. Koma ngati mukukhala pa lendi mu apatimenti yopanda potchajira, musavutike nayo, mudzangonyamula batire lolemera pachabe, hybrid wamba ikukwanirani.

Matayala. Apa ndiye ndilankhule mosabisa, ndalama imene mwasunga pa mafuta chaka choyamba ipite ku matayala a winta, anayi onse osati awiri. Ma hybrid amabwera ndi matayala opangidwa kuti azigudubuzika mopepuka kuti asadye mafuta, ndipo labala wake kukazizira kupitirira madigiri 7 amayamba kuuma, pa ayisi sagwira. A winta enieni ali ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu m'mbali mwake. Ku Quebec ndi lamulo kuyambira pa 1 December mpaka pa 15 March, ku British Columbia misewu yambiri ya m'mapiri imawafuna kuyambira pa 1 October, ku Ontario kuyambira 2016 makampani a inshuwalansi amayenera kukutsitsirani mtengo mukakhala nawo, ndipo ku Manitoba kuli ngongole ya chiwongoladzanja chochepa kudzera ku Manitoba Public Insurance yogulira matayalawa. Adzakudyerani mafuta pang'ono, zilibe kanthu. Mpweya muziyeza pafupipafupi chifukwa kukazizira ndi madigiri 5 kapena 6 umatsika ndi 1 psi pa geji yopimira mpweya, mwapopa mu October kuli 10, mu January kuli -25, mwataya 6 osabooka paliponse. Za AWD, kukoka matayala onse anayi kuja, mu RAV4 Hybrid ndi zinzake matayala akumbuyo amayendetsedwa ndi mota yakeyake yamagetsi, zimathandiza ponyamuka ndi pokwera mtunda, koma poima sizikuthandizani olo pang'ono, oimitsa galimoto ndi matayala.

Kayendetsedwe kake pa ayisi kali ndi zinthu ziwiri zoti muzolowere. Choyamba mota yamagetsi imapereka mphamvu nthawi yomweyo mukangoponda, ndiye ponyamuka pa mphambano pamene magalimoto apukuta sinowo mpaka kusanduka galasi matayala amazungulira pamodzimodzi mosavuta. Pondani mofewa, Eco mode imathandiza chifukwa imafewetsa pedulo, ngakhale imachepetsanso hita. Ma Prius a 2004 mpaka 2009 ankadziwika ndi khalidwe lodula mphamvu tayala likangoterereka pofuna kuteteza mota, munthu n'kukanika kukwera kamtunda kakang'ono, atsopano anakonza ndipo ambiri ali ndi batani lozimitsira traction control, yodula mphamvu ija, mukatitimira. Komanso Prius ndi yofupika, pansi pa ya 2016 pali mpata wa masentimita 13 okha pamene RAV4 ili ndi pafupifupi 20, nde mulu wa sinowo umene galimoto yokankha sinowo mu msewu ija imasiya pakhomo panu usiku muufosholo kaye, mukaulimbana nawo mudzakhalira pamimba matayala ali m'malere, kapena kuthyola mapulasitiki a kunsi.

Chachiwiri ndi mabuleki, ndipo ichi chimadzidzimutsa aliyense ulendo woyamba. Mukaponda buleki pang'ono hybrid siigwiritsa ntchito mapadi, mota ndi imene imasanduka jenereta n'kumabweza moto ku batire. Tsono tayala likaterereka pa ayisi kapena kugunda dzenje, kompyuta imasiya buleki yamagetsi ija n'kupereka ntchito ku mabuleki enieni ndi ABS, yoletsa matayala kugwiriratu ija, ndipo pakati pa kusinthanako pamakhala kanthawi kosakwana sekondi komwe mumamva ngati galimoto yakuthawani kutsogolo. Mabuleki sanaduke. Musachotse phazi, musapope, pondanibe mwamphamvu, mudzamva pedulo ikunjenjemera, imeneyo ndi ABS ikugwira ntchito. Sinowo woyamba akagwa pitani pa malo oimika magalimoto opanda anthu mukayese dala kangapo kuti phazi lizolowere, kusiyana ndi kukaphunzirira kumbuyo kwa basi ya ana asukulu. Batire likakhala lozizira sililandira moto wambiri, ndiye m'mawa buleki imamveka mosiyanako ndi masana, ndipo potsetsereka injini ikhoza kulira mokweza, si vuto. Giya yolembedwa B, imene imachepetsa liwiro pogwiritsa ntchito injini, ndi ya mitsetse yaitali ngati ya pa msewu wa Coquihalla ku British Columbia, si yoyendera tsiku lililonse, ndipo pa ayisi samalani nayo chifukwa imagwira matayala okoka okha.

Mchere ndiye mdani wa pang'onopang'ono. Ku Ontario, Quebec ndi zigawo za kunyanja ya Atlantic amathira mchere wambiri m'misewu, ndipo hybrid ili ndi vuto lakelake apa, mabuleki ake sagwira ntchito kawirikawiri ndiye madisiki amachita dzimbiri, timapini ta ma caliper, zopanira mapadi zija, timagwirana, makamaka kumbuyo. Mapadi akhoza kukhala atsopano koma makaniko n'kukuuzani kuti zonse zisinthidwe chifukwa cha dzimbiri. Chaka chilichonse winta ikatha kawatsegulitseni awatsuke ndi kupaka girisi, ndipo mwa apo ndi apo pa msewu wouma wopanda galimoto kumbuyo pondani buleki mwamphamvu kuti mapadi apale madisiki. Muzitsukitsa kunsi kwa galimoto kukafundako. Ma RAV4 Hybrid a 2019 mpaka 2021 anatchuka kuno ndi vuto la chingwe cha magetsi amphamvu chopita ku mota yakumbuyo, chimene polumikizira pake pankasunga madzi a mchere n'kudyeka, nkhani inafika mpaka ku khothi ku Quebec ndipo Toyota inaonjezera waranti pa chingwecho. Mukapita kopopera mafuta oteteza dzimbiri auzeni kuti ndi hybrid asaboole paliponse, ndipo mawaya okutidwa ndi pulasitiki ya olenji aja inuyo musawagwire.

Zizolowezi ziwiri za kumudzi muzisiye pa eyapoti. Kuthira madzi a pa mpopi mu radiyeta, kuno amaundana n'kung'amba injini, ndipo hybrid ili ndi mathanki awiri a coolant, madzi apadera oziziritsira aja, ya injini ndi ya inverter, onse amafuna wa pinki uja, amene Toyota kuno ku Canada imamusakaniza 55 pelesenti kuti apirire mpaka -42. China ndi chikhulupiriro choti oilo wolimba ndiye wabwino, 20W-50 kuno ayi, thirani amene analemba pa chivindikiro, 0W-20 kapena 0W-16, chifukwa injini imene imazima n'kulira kambirimbiri imafuna oilo wofika msanga paliponse. Madzi otsukira galasi gulani olembedwa -40, a chilimwe amaundana mu thanki ndipo pa highway thiraki ikakuwazani matope a mchere mudzakhala osaona kanthu. Ngati maulendo anu onse ndi afupiafupi, injini siifika potentha mokwanira kuti chinyezi chituluke mu oilo, mukatsegula chivindikiro mudzapeza zoyera ngati mkaka, ndiye kamodzi pa sabata ikwezeni pa highway kwa theka la ola ndipo oilo muzisintha msanga.

Pali chinthu china chimene chimapha anthu ndipo sindikufuna muchidumphe. Hybrid ikakhala pa READY injini itazima imakhala chete ngati yazimitsidwa, makiyi ali m'thumba, munthu watopa wachokera ku shifiti ya usiku, walowetsa mu galaja yolumikizana ndi nyumba, watsika n'kukagona. Pakapita nthawi injini imadzuka yokha kuti itchaje batire, utsi wa carbon monoxide ulibe fungo, umalowa m'nyumba. Muziyang'ana dashibodi kuti yazimadi musanatseke chitseko, ndipo m'nyumba mukhale alamu ya utsi umenewu, ku Ontario ndi lamulo kuyambira 2014 pa nyumba zokhala ndi galaja yolumikiza kapena zotenthetsera za gasi. Chimodzimodzi galimoto ikakwiririka, musanailize fukulani kaye ku ekizozi, ndipo musaike ana mkati kuti azifunda inu mukufosholo kunja paipi ili yotsekeka. Mukatsekeredwa pa msewu, ngati mmene zinachitikira mu March 2017 pa Autoroute 13 ku Montreal pamene magalimoto pafupifupi 300 anagona mu sinowo usiku wonse, hybrid ili ndi ubwino woti injini imalira pang'ono n'kuzima, mafuta amakhalitsa, koma muzitsika kukaona ku ekizozi pafupipafupi. Thanki za ma hybrid ndi zazing'ono, ya Prius ndi malita 43 okha, ndiye mu winta isamatsike kupitirira theka, ndipo mafuta akakutherani musaumirize kuyenda pa batire, mukalimaliza lalikululo silijampika ndi zingwe wamba, galimoto imakafuna chaja ya kwa dila.

Amene ndingamuuze kuti aganize kawiri ndi munthu woti ntchito yake ili mphindi zisanu kuchokera kunyumba, galimoto imagona panja popanda soketi, ndipo pa chaka sayenda mtunda wambiri. Ameneyo miyezi isanu ya chaka injini yake izingolira ngati ya petulo wamba ndipo ndalama yoonjezera imene analipira pogula idzatenga nthawi yaitali kuti ibwerere. Koma wa Uber, wa delivery, wosamalira odwala m'makomo amene amayenda nyumba ndi nyumba tsiku lonse, injini yake imakhala yofunda kale ndipo phindu amaliona ngakhale mu February. Ngati mukugula yakale, musangomvera kuti batire lili bwino, pitani nayo kwa makaniko wodziwa ma hybrid aike kompyuta aone ngati zigawo za batire zili ndi moto wofanana, ayeze ka 12 volt, aikweze m'mwamba muone nokha kunsi, mapaipi a mabuleki, madisiki akumbuyo ndi polumikizira mawaya a olenji, ndipo funsani kuti yakhala chigawo chiti chifukwa ya ku Alberta ndi ya ku Nova Scotia za chaka chimodzi kunsi kwake sikufanana. Ngati n'kotheka kaiyeseni m'mawa isanalizidwe ndi mwini wake, muone nthawi imene ikutenga kuti hita iyambe kutulutsa mpweya wofunda, ndipo mufunse ngati matayala a winta ndi block heater zili pa mtengo womwewo.